CHILONDA CHISANDUKE CHIPSERA

Phunziro la magulu a Umodzi wa Amayi: kusiya zakale ndi kupita chitsogolo mwa Khristu

Mau otsogolera: Afilipi 3:4-14 ndi Yohane 20:19-29. Mayi mmodzi awerenge mokweza phunziro lisanayambe.

Phunziro lathu la mwezi uno likunena za katundu amene ambiri mwa ife timapita naye ku tchalitchi Lamulungu lililonse, n'kubwerera naye kunyumba osamutula. Yunifolomu yachapidwa ndi kusitidwa, duku lamangidwa bwino, nyimbo tikuimba ndi mau okoma, koma mumtima muli nkhani ya zaka khumi kapena makumi awiri zapitazo. Wina akukumbukira tsiku limene abale a malemu mwamuna wake adabwera ndi galimoto kudzatuta mipando, njinga ndi makina osokera, nkhata za kumanda zisanafote. Wina adasiyidwa ndi ana anayi, bambo atakakwatira kwina. Wina adaika mwana wake woyamba m'manda, ndipo mpaka lero sadutsa njira ya kumeneko. Winanso adachita yekha chinthu chimene sadauzepo munthu, ndipo chimamudzutsa usiku tambala asanalire.

Anthu otere tikawayendera timakonda kuwauza kuti, "Ingoiwalani amayi, zidapita zimenezo." Timanena ndi mtima wabwino ndithu. Koma mayiyo amayesa kuiwala, amalephera, ndipo pamwamba pa chisoni chake pamabwera katundu wina: amayamba kuganiza kuti chikhulupiriro chake n'chochepa. Mfundo ya phunziro lino ndi imodzi. Mulungu satilamula kufafaniza zakale m'mutu mwathu. Chimene afuna n'chakuti chilonda chitsukidwe, chipole, chisanduke chipsera, ndipo ife tidzuke n'kupitiriza ulendo.

1. KODI PAULO ADAIWALADI?

Mavesi amene amatchulidwa kwambiri pa nkhaniyi ndi Afilipi 3:13-14. Pamenepo Paulo, ali m'ndende, akulemba kuti zimene zili kumbuyo kwake sazisamalanso, maso ake ali pa mphoto imene Mulungu wamuitanira. Tikawerenga mavesi awiri okhawo tingaganize kuti Paulo adaiwaliratu mbiri yake. Koma bwererani pang'ono pa vesi 5 ndi 6 m'mutu womwewo. Akutchula fuko lake la Benjamini, akutchula Ufarisi wake, akutchulanso kuti adazunza mpingo. Nkhani ya kuzunza mpingoyi amaibwereza pa Agalatiya 1:13 ndi pa 1 Akorinto 15:9. Ankadziwa bwino lomwe kuti tsiku limene Stefano ankaponyedwa miyala iye adali pomwepo, akusunga zovala za oponyawo, ndi kuti ankalowa nyumba ndi nyumba kukoka amuna ndi akazi omwe kupita nawo kundende (Machitidwe 8:3, 22:20).

Tsono kuiwala kumene akunenako n'kotani? Paulo akugwiritsa ntchito chithunzi cha munthu wothamanga pa mpikisano. Wothamanga amadziwa pamene wachokera, amadziwanso pamene adapunthwa, koma sapotoza khosi kukayang'anapo. Ife amayi timachidziwa chimenechi tikasenza ndowa yodzadza pochokera ku mjigo. Wocheukacheuka amafika pakhomo ndi theka la madzi, zovala zitanyowa.

Onaninso kuti zimene Paulo adasiya si zoipa zokhazokha. Adasiyanso ulemu, maphunziro ndi dzina labwino lomwe adali nalo pakati pa anthu a mtundu wake. Zakale zokoma nazo zimamanga munthu miyendo. Aisraele ali m'chipululu adalirira nsomba, nkhaka, mavwende, anyezi ndi adyo za ku Ejipito (Numeri 11:5), ataiwala njerwa ndi zikoti. Pakati pathu alipo mayi amene bambo ankagwira ntchito yapamwamba, banja likukhala m'nyumba ya kampani, ya magetsi ndi madzi a m'nyumba. Lero ali kumudzi, koma sangayambe geni ya mandasi kapena kulowa banki m'khonde, akuti si msinkhu wake, pamene ana akubwezedwa kusukulu. Alipo wina amene adakhala wapampando wa gulu zaka zambiri, ndipo chisankhidwire mnzake, chilichonse chimene atsogoleri atsopano achita amachiyeza ndi nthawi yake. Uku nakonso ndi kucheuka.

2. ZIMENE CHILONDA CHIMATIPHUNZITSA

Pa zaka zimene ndidagwira ntchito ya unamwino ndidatsuka zilonda zamitundumitundu: za moto, za ngozi zapamsewu, za opareshoni, za khasu ndi chikwanje. Thupi ndi mtima adazilenga ndi Mulungu mmodzi, ndipo mapoledwe ake amafanana pa zinthu zinayi.

Choyamba, chilonda chimene muli dothi kapena mafinya sachisoka. Odwala ambiri amapempha kuti tingomangapo bandeji azipita. Koma khungu likatsekeka pamwamba mkati muli zoipa, pamatupa, thupi limatentha, ndipo matendawo akalowa m'magazi munthu angathe kufa. N'chifukwa chake namwino amatsuka ndi madzi a mchere, amachotsa mnofu wakufa, amasiya mafinya kuti atuluke. Chilonda chotere chimapola kuyambira pansi kukwera pamwamba. Kutsukako kumapweteka, odwala ena mpaka amakalipira namwino, koma njira yachidule palibe. Mtima nawo uli choncho. Mayi amene amangoti "ndili bwino" mkati muli mkwiyo, tsiku lina zimakaphulikira pa mwana wosalakwa kapena pa msonkhano wa gulu.

Chachiwiri, chilonda chotokosatokosa sichipola. Mwana akamachotsa nkhanambo tsiku ndi tsiku, kachilonda ka sabata imodzi kamatha mwezi. Pali kusiyana pakati pa kutsuka ndi kutokosa. Kutsuka ndiko kufotokoza nkhani yako kwa Mulungu ndi kwa munthu amene angakuthandize. Kutokosa ndiko kuibwereza nkhaniyo ku chigayo, ku mjigo ndi pa maliro, kwa aliyense wotchera khutu, kuti mkwiyo usazirale.

Chachitatu, zilonda sizipola pa liwiro limodzi. Cha munthu wodwala shuga, cha wokalamba, kapena cha woperewera zakudya m'thupi chimatenga nthawi yaitali, ndipo namwino wanzeru samukalipira wodwalayo. Tisamawerengere anzathu masiku n'kumati, "Uja adatha kulira pa miyezi itatu, inu bwanji?" Fupa lokakamiza limaswa mphika.

Chachinayi, chilonda chachikulu chimasiya chipsera. Khungu la pa chipsera silibwerera mwakale. Ngakhale patapita chaka, mphamvu yake imangofika pafupifupi magawo 80 pa 100 a khungu loyamba lija. Koma chipsera sichitulutsa mafinya, sichinunkha, sichiitana ntchentche. Mayi wa chipsera cha opareshoni ya uchembere amalima, amasinja, amabereka mwana kumsana. Mukamufunsa amakuuzani tsiku lake ndi chaka chake, koma salira nacho.

Apa tibwerere ku Yohane 20. Ambuye Yesu atauka kwa akufa adaonetsa ophunzira manja ake ndi nthiti yake, ndipo patapita masiku asanu ndi atatu adaitana Tomasi kuti akhudze pamene padalowa misomali. Mulungu amene adagonjetsa imfa akadatha kusalaza manja a Mwana wake, koma sadatero. Zizindikiro za Lachisanu Loyera zidatsala pa thupi la Pasaka, ndipo ndi zimenezo zimene zidachiritsa kukayika kwa Tomasi. Ngati Ambuye wathu sachita manyazi ndi zipsera zake, ifenso tisachite manyazi ndi zathu.

3. MITUNDU ITATU YA ZILONDA

(a) Zimene ena adatichitira

Yosefe adagulitsidwa ndi abale ake ali ndi zaka 17, ndipo adaimirira pamaso pa Farao ali ndi zaka 30 (Genesis 37:2, 41:46). Zaka 13 zidathera mu ukapolo ndi m'ndende. Atabereka mwana woyamba adamutcha Manase, ponena kuti Mulungu wamuiwalitsa mavuto ake (41:51). Komabe abale ake atafika kudzagula chakudya, iye adawazindikira nthawi yomweyo, ndipo adalira kangapo konse. Sadafulumirenso kudziulula. Adayamba wawayesa pa nkhani ya Benjamini, kuti aone ngati ali anthu omwe aja ogulitsa mbale wawo (mutu 44). Bambo awo atamwalira, adawauza mosabisa kuti chimene adamukonzera chidali choipa, koma Mulungu adachitembenuza kuti chipulumutse anthu ambiri. Atatero adalonjeza kuwadyetsa iwo ndi ana awo (50:20-21).

Pa Yosefe tikuphunzira kuti wokhululuka amatchula choipa kuti n'choipa, kenaka amasiya kubwezera m'manja mwa Mulungu (Aroma 12:19). Tikuphunziranso kuti kukhululuka ndi kukhulupiriranso munthu ndi zinthu ziwiri. Kukhululuka kuli m'manja mwanu. Kukhulupiriranso kumadikira kuti wolakwayo aonetse kusintha.

Ndinene momveka bwino, chifukwa amayi ena adavulala ndi chiphunzitso cholakwika. Kukhululuka sikutanthauza kubwerera kukamenyedwa. Dziko lathu lili ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006, ndipo ku polisi kuli ofesi ya Victim Support Unit. Lilinso ndi lamulo la chuma cha masiye la 2011, limene limaika mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana patsogolo, ndipo limati kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Mayi wamasiye wokadandaula ku ofesi ya DC kapena ku khoti sadachimwe. Ambuye Yesu mwini adafotokoza fanizo la mkazi wamasiye amene sadatope kupita kwa woweruza kufikira atalandira chilungamo (Luka 18:1-8). Tsatirani malata anu ndi munda wa ana anu. Chimene mukuyenera kutaya ndi chidani, chifukwa chidani chimadya mwini wake, wolakwayo akugona tulo tabwino.

(b) Zimene tidachita tokha

Usiku umene Yesu adagwidwa, Petro adamukana katatu ali kuotha moto wa makala (Yohane 18:18). Atauka Ambuye, adakumana ndi ophunzira m'mphepete mwa nyanja, atasonkha moto wa makala ndi kuikapo nsomba (21:9). Aliyense wophika pa mbaula amadziwa kuti fungo la makala silisokonekera. Fungo lija liyenera kuti lidamukumbutsa Petro za usiku uja. Yesu sadaizembe nkhaniyo, komanso sadamunyoze. Adamufunsa katatu za chikondi chake, ndipo katatu konse adamupatsa ntchito yoweta nkhosa zake. Uku ndiko kutsuka chilonda kwa Sing'anga wamkulu. Yudasi naye adamva chisoni, mpaka adabweza ndalama zija, koma chisoni chakecho adapita nacho kwa anthu osamusamala, kenaka adakhala nacho yekha (Mateyu 27:3-5). Onse awiri adachimwa kwambiri. Kusiyana kwawo kudali pa kumene adapita nalo tchimo lawo.

Pa Misa iliyonse timagwada ndi kuulula machimo athu pamodzi, ndipo wansembe amalengeza chikhululukiro cha Mulungu. Mu mpingo wathu wa Anglican mulinso mwayi wokaulula kwa wansembe pa awiri. Palibe wokakamizidwa, koma alipo amene mtima wawo sungapeze mtendere mpaka atatulutsa nkhaniyo ndi pakamwa. Ngati ndinu mmodzi wa iwo, musazengereze. Lonjezo la pa 1 Yohane 1:9 ndi lanunso. Ndipo ngati pali chobweza, bwezani monga adachitira Zakeyu (Luka 19:8). Ndalama ya gulu imene idasowa m'manja mwanu, ngongole ya mnzanu, mau onama amene adathetsa banja la wina: konzani zimene zingakonzeke. Mukalandira chikhululukiro, musabwererenso kukafukula zimene Mulungu wakwirira.

Pali mtundu wina wa kudziimba mlandu umene ndidakumana nawo kwambiri m'mawodi: mayi wodziimba mlandu pa chinthu chimene sichidali m'manja mwake. "Ndikadapita naye msanga kuchipatala, bwenzi alipo." Amayi amene mudataya ana ndi amuna anu ku matenda a Edzi m'zaka za m'ma 1990, kumbukirani kuti mankhwala otalikitsa moyo adayamba kuperekedwa ulere m'zipatala za boma mu 2004. Nthawi imeneyo isanafike, ngakhale ife anamwino tinkangoyang'ana anthu akutha, manja ali lende. Mudasambitsa wodwala wanu, mudamuphikira phala, mudachezera naye usiku. Mudachita zimene mukadatha. Pamenepo palibe tchimo loti mulape.

(c) Zimene zidangotigwera

Pali zilonda zimene palibe munthu woti timuloze chala: imfa, kusabereka, njala monga ya 2002, kapena namondwe Freddy amene mu Malichi 2023 adakokolola nyumba ndi anthu mazanamazana ku Chilobwe, ku Mulanje, ku Phalombe ndi m'maboma ena a chigawo cha kummwera. Pa zilonda zotere chiyeso chathu chachikulu ndi kufunafuna munthu woti asenze mlandu. Timayamba kunong'onezana za ufiti, ndipo kawirikawiri chala chimakagwera pa gogo wosauka amene alibe womuteteza. Mayi wa Umodzi asapezeke pa gulu lotere. Chilonda chimodzi sichipola pocheka china.

Naomi adapita ku Mowabu ndi mwamuna ndi ana aamuna awiri pothawa njala, ndipo patapita zaka ngati khumi onse atatu adali m'manda. Atabwerera ku Betelehemu adauza amayi anzake kuti asamutchulenso Naomi koma Mara, kutanthauza kuwawa (Rute 1:20). Baibulo silimudzudzula chifukwa cha mau amenewo. Koma onani kuti ankanena zimenezo atayenda kale ulendo wonse wobwerera kwawo, pa nyengo yoyamba kukolola barele. Mtima udali wowawa, miyendo ikuyenda. Ndipo pambali pake padali mpongozi wake Rute, amene Naomi poyamba sadamuwerengere ngati dalitso. Buku likamatha, Naomi ali ndi khanda pamiyendo, Obedi, amene adadzakhala agogo ake a mfumu Davide.

Kulira n'kololedwa. Ambuye adalira pa manda a Lazaro. Aisraele adalira Mose masiku 30 (Deuteronomo 34:8). Koma masikuwo atatha, Mulungu adauza Yoswa kuti anyamuke, aoloke Yordano ndi anthu onse (Yoswa 1:2). Makolo athu nawo ankadziwa kuti maliro ali ndi potsekera pake, n'chifukwa chake padali tsiku lometa, pamene namfedwa ankamasulidwa kuti abwerere ku munda ndi ku ntchito zake. Miyambo yoononga monga kulowa kufa timaikana, chifukwa imanyozetsa mayi ndi kufalitsa kachilombo ka HIV. Koma nzeru yakuti wolira ayenera tsiku lina kubwerera pakati pa amoyo ndi yabwino, ndipo ikugwirizana ndi Malembo.

4. KUDZUKA ULULU USANATHE

Mayi akachitidwa opareshoni ya uchembere, m'mawa mwake timamudzutsa kuti ayende pang'ono. Ambiri amakana, amati tidikire ululu uthe. Koma wogona osatembenuka magazi amatha kuundana m'miyendo, chifuwa chimadzadza, ndipo wogona nthawi yaitali amatuluka zilonda zina kumsana ndi m'chiuno. Momwemonso mkono umene wakhala m'chikhakha masabata angapo umauma, ndipo umafewa pokhapokha mwini wake ayambe kuugwiritsa ntchito. Kuyenda sikudikira kupola. Kuyendako ndi gawo la mankhwala.

Pa thamanda la Betesda padali munthu wodwala zaka 38. Yesu adamufunsa ngati akufuna kuchira, ndipo iye poyankha adayamba kufotokoza za anthu amene ankamupitirira polowa m'madzi. Ambuye sadatsutsane naye za anthuwo. Adamuuza kuti adzuke, anyamule mphasa yake, ayende (Yohane 5:1-9). Mphasa imene idamunyamula zaka 38, tsopano ndi iye akuinyamula. Mbiri yanu simudzaitaya panjira, koma mungathe kuipinda n'kuiika pamutu, m'malo mogonapo.

Bungwe lathu lomweli lidayamba chotero. Mu 1876 Mayi Mary Sumner, mkazi wa wansembe wa ku Old Alresford ku England, adaitana amayi a m'parishi ku nyumba kwawo. Amayiwo atasonkhana, mantha adawagwira Mayi Sumner mpaka adalephera kuyankhula, ndipo amuna awo, Bambo George Sumner, ndiwo adayankhula m'malo mwawo. Akadakhala wina akadati, "Ndachita manyazi, basi." Koma patapita sabata imodzi adawaitananso amayi aja, nkutsogolera okha msonkhano. Mu 1885 adayankhula pa msonkhano waukulu wa mpingo ku Portsmouth, ndipo kuchokera pamenepo bungweli lidafalikira. Lero lili ndi mamembala pafupifupi 4 miliyoni m'maiko oposa 80, ife tili m'gulu lomwelo.

Mbiri ya mpingo wathu kuno kwathu ikuchitiranso umboni. Amishoni a UMCA adafika ku Magomero mu 1861 motsogozedwa ndi Bishopu Charles Mackenzie. Pa 31 Januwale 1862 bishopuyo adamwalira ndi malungo pafupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire. Anzake ena adamwaliranso, kudagwa nkhondo ndi njala, ndipo pofika 1864 mishoni idasamukira ku Zanzibar. Pa maso a anthu ntchito idali italephera. Koma patapita zaka pafupifupi 20 adabweranso kudzera ku nyanja, ndipo mu 1885 adakhazikika pa chilumba cha Likoma. Mmodzi mwa iwo, Bambo William Percival Johnson, adadwala maso mpaka kutsala pang'ono kuchita khungu, komabe adatumikira m'mbali mwa nyanja kufikira imfa yake mu 1928. Malo amene amishoniwo adapatsidwa pa Likoma ankatchedwa Chipyela, chifukwa ndi pamene ankaotcherapo anthu oganiziridwa ufiti. Pamalo omwewo ndi pamene adayamba kumanga Kathidulo ya Petro Woyera mu 1903, imene idapatulidwa mu 1911. Dzina la Chipyela silidafafanizidwe, ndipo mbiri yake imafotokozedwabe kwa alendo. Koma pamene pankamveka kulira kwa anthu opsa, lero pamamveka nyimbo za Misa. Chimenecho ndicho chipsera: malo omwewo, mbiri yomweyo, ntchito yatsopano.

5. TICHITE CHIYANI TSONO?

(i) Tchulani chilonda chanu ndi dzina lake pamaso pa Mulungu. Werengani Salmo 13 kapena Salmo 88, muone mmene anthu a Mulungu ankadandaulira kwa Iye mosabisa. Mulungu saopa misozi yanu kapena mafunso anu.

(ii) Pezani munthu mmodzi wosunga chinsinsi, kaya wansembe, kaya mayi wachikulire m'gulu, mumufotokozere. Mutu umodzi susenza denga. Ndipo ife omvetsera tisamale pakamwa. Chimodzi mwa zolinga za bungwe lathu ndi kuthandiza mabanja amene akumana ndi mavuto. Ngati zimene mayi wanena Lachinayi zikumveka pa msika Loweruka, talephera cholinga chimenecho.

(iii) Lekani kutokosa. Mauthenga achipongwe amene mudasunga m'foni ndipo mumawawerenga usiku, afufuteni, pokhapokha ngati ali umboni pa mlandu. Musasiyire ana udani ngati chuma cha masiye. Alipo ana a pachibale amene sapatsana moni chifukwa cha mbuzi imene idafa iwo asanabadwe.

(iv) Chitani chinthu chimodzi sabata ino, ngakhale mtima usanakonzeke. Bwererani ku kwaya. Lambulani munda uja. Gawirani osowa zovala za malemu zimene zakhala m'sutikesi zaka zisanu. Pa nthawi yopatsana mtendere pa Misa, musalumphe dzanja lija limene mumalilumpha (Mateyu 5:23-24).

(v) Dziwani nthawi yopita kuchipatala. Ngati kwa masabata oposa awiri munthu sakugona, sakudya, sakusamba, alibe chidwi ndi chilichonse, kapena akunena zofuna kudzipha, amenewo ndi matenda monga malungo kapena BP. Musamusiye yekha. Mupempherereni, ndipo mumperekeze kuchipatala, kumene kuli anamwino ndi madokotala ophunzira za matenda a maganizo. Pemphero ndi mankhwala sizilimbana.

(vi) Chipsera chanu chigwire ntchito. Paulo akuti Mulungu amatitonthoza kuti nafenso tikatonthoze ena (2 Akorinto 1:4). Mayi amene adaikapo mwana ndiye amadziwa zoyenera kunena, ndi zosayenera kunena, pa siwa ya mwana wa mnzake. Wamasiye amene adalimbana ndi olanda chuma ndiye angaperekeze wamasiye watsopano ku ofesi yoyenera.

MAFUNSO OKAMBIRANA M'MAGULU

1. Kodi kusiyana kwa kutsuka chilonda ndi kuchitokosa n'kotani pa moyo wathu wa tsiku ndi tsiku? Perekani zitsanzo popanda kutchula maina a anthu.

2. Yosefe adakhululuka, koma adayamba wawayesa abale ake. Tingamulangize bwanji mayi amene mwamuna womuzunza akupempha kuti abwererane?

3. Ndi zakale ziti zokoma zimene zingalepheretse gulu lathu kupita chitsogolo?

4. M'dera lathu muli amayi amene adasiya kubwera ku tchalitchi chichitikire maliro kapena mkangano. Ndani mwa ife akawayendere mwezi uno, ndipo tikanena chiyani?

PEMPHERO

Ambuye Yesu, Inu amene mudauka ndi zipsera m'manja mwanu, onani zilonda zimene tabisa pansi pa zovala zathu zoyera. Tsukani pamene pali mafinya a mkwiyo, ngakhale kutsukako kutipweteke. Khululukirani zimene tidalakwa, ndipo tichotsereni milandu imene timadziimba popanda chifukwa. Tonthozani amasiye, osiyidwa, ndi onse amene adaika ana awo m'manda. Tipatseni mphamvu zodzuka, kunyamula mphasa zathu ndi kukutsatani, kuti zipsera zathu zikhale umboni wa chifundo chanu m'mabanja mwathu, mu mpingo ndi m'dziko lathu. Amen.

Ambuye akudalitseni nonse pamene mukusanthula phunziroli m'maparishi mwanu.